Makina Atsopano Ofuna Kuchunidwa Monga Silimba

Mlendo wofika ku Livingstone sacedwa kumva kulira kwa silimba. Aimva pa njira ya ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, aimvanso m'mahotela dzuwa litapendeka, ndipo akalowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene inayambidwa m'caka ca 1934, apezamo zoimbira za makolo a mitundu ya dziko lino. Silimba ndico coimbira ca Alozi cimene anthu a kum'mawa ndi a ku Malawi acidziwa ndi dzina lakuti ulimba kapena valimba: timatabwa ta mlombwa, mtengo umene a ku Livingstone aucha mukwa, toyalidwa m'ndandanda pamwamba pa zikho, zina zazikuru zina zazing'ono.

Woimba ndiye amene anthu amuombera m'manja, koma nchito yaikuru inacitika kale, tsiku lija mmisiri anakhala pansi ndi kasemasema wace. Akafuna kuti thabwa lilankhule ndi liu lalikuru, alisema pakati cakunsi. Akafuna liu laling'ono, asema kunsonga. Asema pang'ono, agogoda, achera khutu, nasemanso, ndipo acita mosamala pakuti cibenthu cimene cagwa pansi sicibwereranso pa thabwa. Atatha matabwa atembenukira ku zikho. Cikho ciri conse ciri ndi liu lace, ndipo liyenera kugwirizana ndi la thabwa la pamwamba pace. Likapanda kutero silimba ingoti gogogo monga nkhuni. Pali cinthu cina cimene ana osewera ndi zikho acidziwa bwino: munthu akaimba pakamwa pa cikho, cikhoco cikhala cete kufikira iye atafika pa liu lace lenileni, ndipo pamenepo ciyankha cokha popanda wocikhudza.

Nkhani ino iri ya makina amene ali kutali ndi Livingstone, m'nyumba za akatswiri ku America, ku Ulaya, ku China ndi ku Japan. Makinawo achedwa kompyuta za quantum, ndipo maboma ndi makampani ataya ndarama zosawerengeka pa iwo. Komatu bvuto limene lisowetsa tulo anthu owapanga liri lofanana ndi la mmisiri wa silimba uja.

Cinthu ciri conse colira cimanjenjemera, ndipo liu lace lidalira kuculuka kwa kunjenjemerako pa sekondi imodzi. Ciwerengero cimeneci akatswiri acicha frequency. Thabwa la silimba linjenjemera kokwana mazana angapo pa sekondi, la liu lalikuru mocedwerako, la liu laling'ono mofulumira. Mafunde a wailesi nawonso ali ndi ciwerengero cao, cinkana khutu silingathe kuwamva okha. Akuruakuru a ku Maramba akumbukira wailesi yabuluu ija yooneka ngati poto, ya Saucepan Special, imene inafika m'dziko muno m'caka ca 1949 ndi khama la Bambo Harry Franklin ndi kampani ya Ever Ready, nigulidwa ndi mapaundi 5 osawerengera batire. Pakuti Lusaka iri mamailosi pafupifupi 300 kucokera ku Livingstone, mau anayenda pa mafunde aafupi, onjenjemera kokwana mamiliyoni angapo pa sekondi. Kupotoza kacitsulo ka wailesi kunali kusintha liu la m'kati mwace kuti lifanane ndi la Lusaka, monga cikho ndi thabwa. Usiku nyumba za mphepo za kutali, za ku Lourenço Marques ndi ku Brazzaville, zinalowerera nazo, ndipo ziwiri zikayandikana kwambiri pa mzere wa manambala wailesi inaimba mluzu, nkhani nizimirira.

Cifukwa ca ici maiko anapangana zogawana mafunde. Bungwe la ITU la ku Geneva, loyambidwa m'caka ca 1865 m'masiku a lamya za waya, ndilo liyang'anira kugawanaku, ndipo m'Zambia nchitoyi iri m'manja mwa ZICTA. Mzinda wa m'malire monga Livingstone ndiwo udziwa kufunika kwace, pakuti tauni ya Victoria Falls iri tsidya lina la mtsinje, ndipo mafunde sanyamula situpa powoloka ulalo.

Tsono za makina aja. Kompyuta wamba, pamodzi ndi lamya ya m'thumba, iwerenga ndi timagawo tating'ono timene tikhala 0 kapena 1, monga nyali imene iri yoyaka kapena yozima. Kompyuta ya quantum iwerenga ndi kanthu kochedwa qubit, kapena kyubiti m'kachulidwe ka kuno. Kyubiti ingathe kukhala 0, ingathe kukhala 1, ndipo ingathenso kunyamula zonse ziwiri pamodzi, gawo la ici ndi gawo la ico, kufikira nthawi imene munthu aifunsa yankho. Pamenepo ionetsa cimodzi cokha. Makyubiti ambiri akalumikizana asenza masamu amene kompyuta wamba ingalefuke nao. Maganizo amenewa anawachula poyera Bambo Richard Feynman m'caka ca 1981, koma kupanga cinthuco kwatenga zaka zambiri.

Pali njira zingapo zopangira kyubiti. Imene makampani a IBM ndi Google atsata ndi ya tinthambo ta aluminiyamu tolembedwa pa kambale kakang'ono ngati sitampa ya pa kalata. Pakati pa kyubiti iri yonse pali mfundo imene tizitsulo tiwiri tikomana, tolekanitsidwa ndi kadzimbiri kopyapyala kuposa tsitsi la munthu kokwana zikwi makumi angapo. Mfundoyi icha dzina la Bambo Brian Josephson, amene anafotokoza macitidwe ace m'caka ca 1962 ali wophunzira wa zaka 22 ku Cambridge. M'zaka za 1984 ndi 1985 amuna atatu ku Berkeley, a John Clarke, a Michel Devoret ndi a John Martinis, anaonetsa kuti nthambo zotere, cinkana ziri zazikuru zooneka ndi maso, zitsata malamulo a tinthu tating'onoting'ono ta atomu. Nchito imeneyi ndiyo inawapatsa mphoto ya Nobel m'caka ca 2025. Mtundu wa kyubiti umene uli wofala lero, wochedwa transmon, unacokera ku sukulu yaikuru ya Yale m'caka ca 2007.

Kyubiti yotere iri ndi liu lace, ndipo liulo liri pafupi ndi mamiliyoni 5,000 pa sekondi imodzi. Akatswiri akafuna kuilamula aitumizira kafunde kakafupi ka liu lomwelo, ndipo iyo iyankha monga cikho cija. Kafunde ka liu lina ikanyalanyaza. Motero kambale ka makyubiti 100 kali ngati mudzi wa mawailesi 100, iri yonse iyenera kumva nyumba ya mphepo yace yokha.

Adani a kyubiti ali ambiri, ndipo woyamba ndi kutentha. Pano sipanenedwa za kutentha kwa Livingstone m'mwezi wa October ayi, pakuti ngakhale madzi oundana ali ngati ng'anjo kwa kyubiti. Kambaleko kapacikidwa kunsi kwa firiji yaikuru imene itsitsa kuzizira kufikira madigiri 273 pansi pa kuundana kwa madzi, pafupi penipeni ndi malire amene kuzizira sikungapitirire, kozizira kuposa thambo la pakati pa nyenyezi. Koma ngakhale m'kuzizira kotero kyubiti imaiwala, ndipo iiwala m'njira ziwiri. Yoyamba, mphamvu yace imatayikira m'zinthu zoizinga, monga liu la silimba lizimirira likagogodedwa, ndipo lizimirira msanga ngati wina waika cala pa thabwa. Yaciwiri, liu lace likagwedezeka ngakhale pang'onong'ono, kyubiti iphonya kayendedwe kace, monga wobvina amene mphamvu akali nazo koma wasiyana ndi ng'oma. Kuiwala kumeneku Azungu akucha decoherence. Pamene Bambo Yasunobu Nakamura ndi anzace a kampani ya NEC ku Japan analamula kyubiti yoyamba ya mtunduwu m'caka ca 1999, inasunga zimene inapatsidwa kwa kamphindi kofanana ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa m'magawo mamiliyoni 1,000. Pofika m'caka ca 2024 makyubiti a kambale ka Google kochedwa Willow anayandikira gawo limodzi mwa magawo 10,000 a sekondi. Kwa munthu ndi kanthawi kosakwana ndi kuphethira komwe, koma kakwanira malamulo zikwi zingapo, pakuti lamulo limodzi litha msanga koposa.

Mdani waciwiri ndi mnansi. Makyubiti awiri oyandikana akakhala ndi liu limodzi, lamulo lopita kwa uyu alimva ndi uyo, ndipo mphamvu idumpha kucoka kwa wina kunka kwa mnzace popanda woituma. Wina angati mankhwala ace ndi apafupi, angowatalikitsa mau. Pamenepo ndipo pali msampha, cifukwa makyubiti ayeneranso kulankhulana kuti masamu acitike, ndipo m'makina a IBM a zaka zapitazo kulankhulanako kunatheka pokhapokha mau ao ali oyandikirana ndithu. Akatalikirana samvana, akayandikirana asokonezana. Ndiponso kyubiti siri ndi makwerero awiri okha. Pamwamba pa 0 ndi 1 pali khwerero lacitatu losafunika, limene liu lace liri pansi pa liu loyamba ndi mamiliyoni 200 kapena 300, ndipo mnansi akaima pamenepo kyubiti ikwera molakwa nituluka m'masamu. Cotero kyubiti iri yonse iri ndi malo angapo amene anansi ace ayenera kuwalambalala, ndipo malo onse ogawana ali ocepa.

Cobvuta cinanso ndi cakuti liu la kyubiti lidalira kucindikala kwa kadzimbiri kaja, ndipo palibe fakitale imene ingakayale molingana ndendende nthawi zonse. Maatomu owerengeka akaonjezeka, liu lasuntha kale. Akatswiri a IBM anapeza kuti makyubiti otuluka m'fakitale amaphonya liu lofunika ndi mamiliyoni oposa 100. Pa kambale ka makyubiti 5 mwai ungathandize, koma pa kambale ka makyubiti 100 sipalephera kupezeka awiri amene awombana, ndipo tikambale tambiri tikadangotayidwa.

Apa makampani awiri aja anasiyana njira. A IBM poyamba anatsata njira ya silimba, ndiko kuti kyubiti ya liu lokhazikika, losasunthika ikatha kupangidwa. Ubwino wace ndi wakuti kyubiti yotere simva msanga phokoso la kunja. Kuti akonze mau ophonya, anapeza kasemasema wao: kuwala kwamphamvu kwa laser, kumene atenthetsa nako mfundo imodziimodzi kambale kasanalowe m'firiji. Atenthetsa pang'ono, ayesa, natenthetsanso, ndipo liu limanka litsika kufikira pamene alifuna. M'caka ca 2021 anafalitsa kuti mwa njirayi anacepetsa kuphonyako pafupifupi kakhumi. Anasinthanso makhalidwe a makyubiti pa kambale, kuti iri yonse ikhale ndi anansi awiri kapena atatu m'malo mwa anai, monga mwini mudzi wanzeru atalikitsa nyumba za anthu olongolola. Ndi makonzedwe amenewa anapanga Eagle ya makyubiti 127 m'caka ca 2021 ndi Condor ya makyubiti 1,121 m'caka ca 2023.

A Google anatsata njira ya kalimba, imene woimba asuntha timano tace pamene afuna. Anaika mfundo ziwiri m'kamphete, ndipo mphamvu ya maginito yocokera ku kanthambo ka pambali ikweza kapena kutsitsa liu la kyubiti makina ali pa nchito. Motero makyubiti awiri akhala otalikirana mau pamene apumula, ayandikizidwa kwa kamphindi kuti alankhulane, nabwezedwanso. Pakati pao anaikanso kamkhalapakati kotseka ndi kotsegula njira. Koma walira mvula walira matope. Kyubiti imene imvera maginito a mwini wace imveranso maginito osocera, ndipo liu lace ligwedezeka. Pali malo amodzi, pamwamba penipeni pa msinkhu wa liu lace, pamene kyubiti simva kwambiri phokosolo, ndipo iri yonse ikadakonda kukhala pamenepo. Koma zonse zikakhala pamenepo ziwombana. Ina iyenera kutsika, nilandira phokoso cifukwa ca mtendere wa mudzi.

Mdani wacitatu ndiye wocenjera koposa onse, pakuti akhala m'nyumba momwemo. M'kadzimbiri ka mfundo ndi pamwamba pa kambale muli tizirema tating'ono, mwina atomu imene sinakhazikike pa malo ace, ndipo kacirema kali konse kali ndi liu lacelace. Kyubiti ikafika pa liu limenelo, kaciremako kayankha ndi kumwa mphamvu yace, ngati cikho cobisika pansi pa thabwa cimene mmisiri sanaciike. Bambo Paul Klimov ndi anzace a ku Google anaonetsa m'caka ca 2018 kuti tiziremati sitikhala pamodzi, mau ao amayendayenda pa maora ndi pa masiku. Malo amene anali abwino Lolemba angakhale oipa Lacitatu. Oimba ng'oma adziwa zotere, pakuti ng'oma yowambidwa bwino madzulo imalefuka mame akagwa, ndipo ibwerera ku moto gule asanathe.

Tsono woyang'anira makina ayenera kusankhira kyubiti iri yonse liu lopumulira, liu lolankhulira ndi mnansi ali yense, ndi liu loperekera yankho, ndipo posuntha pakati pa mau amenewa isaponde pa kacirema kapena pa mnzace. Akasuntha imodzi, anansi ace asunthe, ndi anansi a anansiwo. Njira zosankhira ziculuka kotero kuti palibe munthu kapena kompyuta imene ingaziyese zonse. A Google analemba malangizo a kompyuta wamba amene anawacha Snake, ndiko kuti njoka, cifukwa amakwawa pa kambale kukonza kadera kamodzi, kukakhazikitsa, ndi kupita pa kena. M'caka ca 2024 anafalitsa kuti pa kambale ka makyubiti 68 njokayo inacepetsa zolakwa kokwana 3.7 poyerekeza ndi kambale kosachunidwa. Nawonso a IBM, m'mwezi wa December 2023, anatulutsa Heron ya makyubiti 133 yokhala ndi timikhalapakati tosinthika. Ndi cinthu cofunika kucizindikira kuti Heron yaing'onoyo ndiyo anainyadira kuposa Condor yaikuru imene inatuluka nayo pamodzi.

Pali tsoka lina limene kuchuna sikungaliletse. Tinthu tamphamvu tocokera kuthambo ndi m'miyala timaboola makoma ndi firiji yomwe, ndipo kamodzi kakagunda kambale makyubiti ambiri aiwala nthawi imodzi. Pa kambale ka Sycamore anapeza kuti izi zinacitika pafupifupi kamodzi pa masekondi 10 ali onse. Mankhwala ace ali m'kapangidwe ka zitsulo, ndipo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mlimi wa ku Kazungula kapena mai wogulitsa pa msika wa Maramba angafunse kuti zonsezi zimkhudza bwanji. Coyamba ndi feteleza. Mafakitale atenga naitirojeni ya mu mpweya ndi moto wa madigiri oposa 400 ndi kupanikiza kwakukuru, ndipo ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene thumba likwerera mtengo. Koma tizirombo ta m'timfundo ta mizu ya nshawa ndi nyemba ticita nchito yomweyo m'nthaka yozizira, mwakacetecete. Macitidwe ao enieni sanamveke bwino kufikira lero, pakuti masamu ace alemera kwa kompyuta wamba. M'caka ca 2017 akatswiri a ku Zürich ndi a kampani ya Microsoft anaonetsa kuti kompyuta ya quantum yokhwima ingawasenze. Caciwiri ndi ndarama. Bambo Peter Shor anaonetsa m'caka ca 1994 kuti makina otere angathyole maloko a masamu amene achinjiriza mabanki ndi makalata a pa intaneti. Cifukwa cace bungwe la miyeso la boma la America, la NIST, linafalitsa maloko atsopano m'mwezi wa August 2024, ndipo mabanki a maiko onse, a Zambia omwe, adzayenera kusintha ao.

Komabe omvera asathamange ndi mbiri. M'caka ca 2019 a Google analengeza kuti Sycamore, ya makyubiti 53, inatha m'masekondi 200 nchito imene kompyuta yaikuru ikadaicita zaka 10,000. A IBM anatsutsa nati ikadatha m'masiku awiri ndi theka, ndipo nchitoyo inali yongoyesera, yopanda phindu kwa munthu ali yense. Akuru anati ng'oma yolilitsa sicedwa kung'ambika. Cimene ciyenera ulemu weniweni ndi ca m'mwezi wa December 2024. Pakuti kyubiti imodzi siingadaliridwe, akatswiri amanga gulu la makyubiti kuti lisunge nambala imodzi, ena nalondera anzao ndi kuulula zolakwa. Koma gulu lithandiza pokhapokha ngati ziwalo zace zilakwa kamodzikamodzi. Zikalakwa kawirikawiri, kukulitsa gulu ndi kuculukitsa cisokonezo. Pa Willow, ya makyubiti 105, anakulitsa gulu kucokera pa mizere 3 kunka pa 5 ndi pa 7, ndipo pa khwerero liri lonse zolakwa zinacepa ndi theka. Popanda kuchuna kwa tsiku ndi tsiku kuja sizikadatheka. Ulendo ukali wautali ndithu: m'caka ca 2025 Bambo Craig Gidney wa ku Google anawerengera kuti kuthyola loko wa mtundu wa RSA wofala lero kufuna makyubiti osapitirira miliyoni imodzi, ogwira nchito pafupifupi sabata lathunthu. Kugawira mau makyubiti 100 kubvuta kale, nanga miliyoni?

Africa sanakhale kunja kwa bwalo. Sukulu yaikuru ya Witwatersrand ku Johannesburg inapangana ndi IBM m'mwezi wa June 2019, nikhala khomo lolowera ophunzira a masukulu ena a mu Africa, ndipo dziko la Ghana linali patsogolo popempha United Nations kuti caka ca 2025 cikhale ca sayansi ya quantum. Firiji ndi kambale ziri zodula, koma nchito ya kugawa mau iri ya masamu, ndipo masamu safuna firiji. Kuyambira m'caka ca 2016 a IBM analola anthu wamba kutumiza masamu ao ku makina enieni kudzera pa intaneti. Wophunzira wa ku Livingstone amene alembetsa dzina lace apeza ndandanda ya makyubiti a makina ali onse, yoonetsa nthawi imene iri yonse isunga zimene yapatsidwa ndi kuculuka kwa zolakwa zace monga anayesera posacedwa. Ozolowera ayamba ayang'ana ndandandayo asanatumize kanthu, nasankha makyubiti amene ali bwino tsiku limenelo, pakuti akabweranso m'mawa mwace apeza manambala atasintha.